Sabata Imene Ndinagona pa Chitseko

Lolemba, 9 Juni

Ndikulemba chagada, kope lili pachifuwa. Bolopeni yakana kulemba chokwera, ndiye ndatenga pensulo. Zilembo zikupendama, komabe ndi zanga. Kulemba ndinaphunzira nditamera kale imvi, ku sukulu ya kwacha, choncho sindithamanga.

Msana. Lero ndi tsiku lachitatu.

Ndilembe bwino mmene zinayambira, chifukwa anthu sachedwa kuwonjezera. Sindinagwe mumtengo. Sindinanyamule thumba. Matumba ndanyamula moyo wanga wonse, a chimanga, a mtedza, a makala, msana osanena kanthu. Loweruka m'mawa ndinawerama kuti nditole chivindikiro cha ketulo. Chivindikiro! Ndinangomva m'chiuno kuti thyo, ngati munthu waponda phesi louma. Kuyambira pamenepo ndikuyenda ngati ndikufunafuna singano m'mchenga.

Dzulo anaimba foni Esinati, mwana wanga wa ku Blantyre. Ine kuyesetsa kuyankhula bwinobwino, koma potembenuka kubuula kunangotuluka kokha. Anamva. Mawu ake ndi awa: "Ababa, Lamulungu ndikubwera. Ndikakupezani mukuwerama, tibwerera limodzi. Ulendo uno sitikambirananso."

Mwanayu akanena, wanena. Anatengera amake.

Ku Blantyre ndinakhalako milungu iwiri chaka chatha. Mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, mpando pakhonde. Umadya, umakhala, umadyanso. Sindikunyoza, anandisamala. Koma kuno kuli mitengo yanga ya manachesi, makumi awiri ndi itatu, imene tinabzala ndi malemu amake Esinati, ndipo iwo agona pafupi, kutsidya kwa khwawa. Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Atamwalira mayiwo, abale awo anandisudzula mwamwambo, kenaka nkunena kuti ngati ndikufuna nditsale, ndizisamala mitengo. Ndinatsala. Koma mkamwini akachoka ndiye kuti wachoka. Pobwerera sipakhala.

Ndiye Lamulungu andipeze nditaima njoo ngati bulugamu.

Alamu anga a Layitoni, achimwene awo a malemu, abwera ndi nzeru. Akuti fupa lachoka m'malo mwake, ndipo silibwerera pokhapokha munthu agone pa thabwa lowongoka, osagwedezeka. "Ku Tete ndinaona munthu wopindika ngati chikwakwa. Masiku asanu ndi limodzi pa chitseko, tsiku linalo anakwera njinga." Ndawafunsa dzina la munthuyo. Aiwala.

Thabwa lowongoka pakhomo pano ndi limodzi lokha. Tazula chitseko cha nyumba. Ndikuti tazula, koma azula ndi iwo, ine ndimangolozera. Mahinjesi anachita dzimbiri, ndiye amenya ndi msana wa nkhwangwa, hinjesi yam'mwamba nkuthyoka. Akuti zimenezo tidzaona Loweruka. Pakhomo apachikapo chiguduli.

Malamulo, monga anenera a Layitoni:

1. Kugona chagada, popanda pilo.
2. Osatembenuka.
3. Osayenda. Kuchimbudzi chokwawa, kamodzi patsiku.
4. Kudya pang'ono, kuti lamulo lachitatu lisavute.
5. Esinati asamve.

Lachisanulo ndawonjezera ndine.

Munthu amene ndinalimapo ganyu kwa Nthache mwezi wathunthu, kugona kungandikanike?

Lachiwiri, 10 Juni

Kugona ndi ntchito!

Mphepo ya Juni sigogoda. Chiguduli chikungovina pakhomo, chisanu chikulowa, kuyendera m'nyumba monse, nkudzakhala pa ine. Ndafunda mabulangete awiri ndi jekete la kutchalitchi.

Chitseko ukachiona chili pakhomo umati nchosalala. Gonapo. Pali mitu ya misomali isanu ndi iwiri, ndaiwerenga ndi nthiti. Chitsulo chokolekapo loko chili pantchafu ya kumanzere.

Zimene ndaona kudenga, poti kwina koyang'ana kulibe:

mabowo atatu m'malata,
njira ya chiswe pa phaso lapakati,
kangaude mmodzi, wakhama kuposa ine,
ndi chikwanje chimene ndinachisaka mwezi wonse wa Malichi, nkumanena kuti anthu a pamudzi pano ndi akuba. Ambuye andikhululukire.

Thadzi lakuda lalowa, layang'ana uku ndi uku, lakwera pachifuwa panga. Ndati shii. Landiyang'ana ndi diso limodzi. Likudziwa kuti sindidzuka.

Dzulo kumapweteka malo amodzi, m'chiuno. Lero kwawonjezeka mapewa, zidendene ndi nkhongo. A Layitoni abwera ndi phala, ndawauza. Akondwera. "Ndiye kuti zikugwira, alamu! Ululu ukuthawa, ukungosowa potulukira." Kenaka atulutsa chubu chakale cha njinga, andikulunga nacho m'chiuno katatu, nkumanga mfundo pamchombo. Akuti fupa likabwerera lisathawenso. Ndikupuma ndi theka la chifuwa.

Ndawafunsa ngati munthu wa ku Tete uja anamangidwanso chubu. Akuti iyeyo anamangidwa lamba wa chigayo, ine ndili ndi mwayi.

Masana. Njira ya ku Thambani imadutsa pafupi ndi khonde langa. Masiku onse anthu amadutsa akuseka, ena nkupereka moni. Lero akafika pano akumaleka kuyankhula. Mayi wina wadengu pamutu waima, wayang'ana pakhomo nthawi yaitali, wagwira pakamwa, nkubwerera kumene amachokera, mwandawala.

Ndati kodi ulemu wabwereranso m'dziko?

Kuchimbudzi ndapita chokwawa monga mwa lamulo. Ulendo wa mapazi khumi ndi asanu. Mbuzi za a Layitoni zaleka kudya, kundionerera mpaka ndafika.

Masiku atsala anayi.

Lachitatu, 11 Juni

Lero ndamva maliro anga ndi makutu anga.

Kunacha ndi kachifunga, kozizira zedi, ndiye ndinadzifunditsa bulangete mpaka kumutu. A Layitoni analawirira ku msika. Ndili m'katulo, ndikumva nyimbo ikubwera chapansipansi, ya pa siwa. Ndikuti mumtima, kalanga ine, watisiyanso ndani? Nyimbo ikuyandikira. Yafika pakhonde. Yalowa.

Amayi a kumpingo asanu. Apeza munthu ali tantha pa chitseko, manja m'mbali, bulangete kumutu. Wina wayamba: "Mayo ine, abambo athu, mwapita nokhanokha ngati mulibe anthu!"

Ine ndavundukula nkhope, ndati, "Mwadzuka bwanji, amayi?"

Awiri atulukira pakhomo nthawi imodzi, chiguduli chapita nawo. Mmodzi wakhala pansi pomwepo, mbale ya ufa ili m'manja, akungoti Yesu, Yesu, Yesu. Panja anali atatula kale mitolo ya nkhuni. Akuti adzukulu okumba manda anauzidwanso kuti akhale tcheru.

Ndinafuna kuseka, chubu chakaniza. Kenaka kuseka kwatha kokha.

Anthuwa sanalakwe. Amake Esinati anamwalira nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza, matabwa osapezeka. Tinazula chitseko cha nyumba ino, kalipentala nkukhoma bokosi. Nyumba inakhala pululu milungu itatu ndisanapeze chitseko china, chomwe ndagonerachi. Kuno chitseko sichichoka pakhomo chabe. Aliyense wodutsa dzulo anaona chiguduli, anakumbukira, nkumaliza yekha nkhani.

Kodi ine ndinaiwala? Sindinaiwale. Ndimangoganiza za msana.

Mitima itakhala pansi, amayiwo abwerera, apemphera, kenaka aliyense watulutsa nzeru yake:

wina akuti ndi impso, ndizimwa madzi a ndevu za chimanga;
wina akuti ndinaponda pena pake, alipo amene sakondwa ndi manachesi anga;
wina akuti mwana wa mchemwali wake anayamba chonchi, pano ali pa njinga ya olumala;
wina akuti ndi ukalamba basi, ukalamba suchira.

Wachisanu, wamasiye mnzanga, wanena akuyang'ana kudenga: "Msana wa mwamuna wokhala yekha umatero. Mankhwala ake si chitseko ayi." Anzake abisa nkhope m'nsalu. Pa maliro anga!

Ufa asiya, nkhuni asiya. Akuti zobwera nazo pa zovuta sabwerera nazo.

Chakumadzulo foni yalira. Esinati. Wina anamuimbira ali kuntchito, kumuuza kuti kwanu chitseko chachoka. Sanathe kupereka moni. "Ababa? Ababa, ndi inu? Yankhulaninso." Ndayankhulanso. Walira nthawi yaitali, ine foni ili pakhutu. Kulira kumeneko ndinakumva kamodzi kokha, tsiku la amake.

Atatha wafunsa, "Nanga chitseko chili kuti?" Ndati netiweki ikuvuta kuno.

Lamulo lachisanu latha.

Lachinayi, 12 Juni

Amayi a dzulo aja anakauza a zaumoyo. Abwera panjinga mayi Nyirenda, aja amayeza ana sikelo pansi pa mtengo wa mango. Kwawo ndi kumpoto, Chichewa chawo chimakwera phiri. Msinkhu ndi wochepa kwa Esinati.

Aima pakhomo, ayang'ana felemu, ayang'ana ine. "Agogo, chitseko chadwala kapena mwadwala ndinu?"

Mafunso awo, mmene ndikukumbukira:

Munagwa? Ayi.
Miyendo ikuchita dzanzi, kapena kufooka? Ayi.
Mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka bwino, mukutha kuzigwira? Funso lotere kwa munthu wamkulu! Inde.
Thupi likutentha? Mukutsokomola? Munayamba kuonda musanadwale? Ayi, ayi, ayi.

Andiuza ndikweze mwendo, ndakweza. Winawo, ndakweza. Ndigwedeze zala. Kenaka aona chubu. Angotulutsa sizasi nkudula. Pansi pake pali matuza kuzungulira chiuno chonse ngati mikanda. Mpweya walowa mpaka m'mimba, ndinali nditauiwala kukoma kwake.

Chigamulo chawo: fupa silinachoke. Akuti fupa la msana silichoka chifukwa cha chivindikiro cha ketulo. Ndi mnofu wakokeka, ndipo zotere zambiri zimapola zokha pa milungu yochepa, munthu akamayendayenda. "Tsiku limodzi kapena awiri kupumula, chabwino. Koma sabata? Mukuumitsa msana ngati chikopa. Dzukani, muziyenda pang'onopang'ono, kufika pa mtengo uwo nkubwerera. Kansalu ka madzi ofunda m'chiuno. Mugone chammbali pa matiresi anu."

Ndapempha jakisoni. Akuti safunika. Ndapempha kalata yoti akandijambule ku boma, aone mkatimo. Akuti kujambula munthu wa zaka zanga apezamo zambiri zakutha, ngakhale mwa iwo amene sakumva kupweteka, ndipo ndingangobwerako ndi mantha. Koma miyendo ikachita dzanzi, kapena mkodzo ukavuta, kapena thupi likatentha, ndisadikire, ndipite ku chipatala cha ku Thambani tsiku lomwelo.

Asiya panado. Panado! Wa mutu!

Ndaganiza mofatsa. Mwendo ukathyoka, munthu sauyendera. Dzira likang'aluka, sulikunkhuniza. Nanga msana ukupweteka poyenda, mankhwala ake angakhale bwanji kuyenda? Mwanayu ndi waulemu, koma khasu analigwirapo?

Ndagamula pakati. Panado ndimwa, pa chitseko sindichoka. Masiku atatu ndapirira kale, ndiwataye?

A Layitoni amva zonse ali pakhonde. Atachoka mayiwo alowa. "Dokotala wopanda jakisoni ndi mlenje wopanda uta." Adandaula za chubu chawo, akuti chinali chikadali ndi ntchito. Kenaka atulutsa lezala ndi kabotolo ka mankhwala akuda. Mphini. Akuti ululu uja unkasowa potulukira, tiutsegulire.

Ndikanakana. Koma popita kuchimbudzi lero ndapuma kawiri panjira, pamene Lachiwiri sindinapume. Lamulungu likubwera. Ndavomera.

Anditembenuza chafufumimba, lamulo lachiwiri latha. Maso a a Layitoni ndi a nkhungu, ndiye atema zina m'chiuno, zina chakumtunda kumene sikunapwetekepo. Khumi ndi ziwiri. Mankhwalawo akuwawa ngati tsabola wa kambuzi.

Tsopano chagada sindingathe, chifukwa cha mphini. Chafufumimba sindingathe, chifukwa cha matuza. Ndagona chammbali pa chitseko, ndipo malamulo a anthu onse awiri ndawaphwanya.

Lachisanu, 13 Juni

Dzuwa latuluka. Mbalame zili m'manachesi, ndikuzimva. Zipatso zapsa, nthawi yake ndi ino, mwini wake ali pa chitseko.

Chakumasana ndikumva mawu kuseri kwa nyumba. A Layitoni ndi venda wina wogula manachesi. Nyumba yopanda chitseko imamva zonse.

Venda akuti mitengo yakumtunda ndi yabwino, koma inayi yakumunsi yakalamba, zipatso zake nzazing'ono. A Layitoni akuti, "Imeneyo musadandaule nayo. Alamuwa akapita Lamulungu, tidula, tibzalepo nandolo."

Akapita. Osati ngati apita.

Inayi yakumunsiyo ndiyo yoyamba. Mbande zake amake Esinati anazitenga kwa azakhali awo, m'zitini, pamutu. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Ankatunga madzi kukhwawa m'mawa ndi madzulo, ali ndi pakati pa Esinati, ine ndili ku ganyu. Inayi yonse inaphuka.

Sindikudziwa bwino mmene ndadzukira. Ndilembe mwadongosolo. Ndatsitsa miyendo. Ndagwira mwendo wa tebulo. Ndagwada. Ndakhala chogwada nthawi yaitali ngati ndikupemphera, ndipo mwina ndimapempheradi. Ndagwira mpini wa khasu, ndakwera nawo dzanja ndi dzanja. M'maso mwada, kenaka mwayera.

Phazi limodzi. Linzake. Msana ukukuwa. Ndati kuwa, tikupita.

Mpaka kumunsi ndi mapazi makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Ndawapeza ali pansi pa mtengo woyamba, venda akusenda nachesi langa.

"Alamu! Mwaphwanya lamulo!"

Ndati, "Mtengo uwu anabzala ndi mlongo wanu."

A Layitoni ayang'ana pansi, akanda m'mutu, akuti amangonena, pakamwa pamangoyenda. Venda watsanzika, nachesi lili m'manja losatha kusenda.

A Layitoni si munthu woipa. Phala sabata yonse abweretsa ndi iwo. Malowa ndi a mbumba yawo, ndipo nandolo amadyedwa. Ndikungolemba zimene ndamva.

Kubwerera nthawi yomweyo sindikanatha, ndiye ndatsamira mtengo, dzuwa likundiwomba kumsana. Kenaka ndapita pa mtengo wachiwiri kukaona nthambi yothyoka. Wachitatu uli ndi nyerere. Wachinayi wabereka kuposa chaka chatha, venda uja ndi wabodza. Ndapezeka ndayendera yonse makumi awiri ndi itatu, kupuma pa uliwonse. Ndadya manachesi anayi. Lamulo lachinayi latha, ndipo lachitatu lalitsatira posachedwa, kuchimbudzi ndapita choyenda ndi miyendo.

Tsopano chinthu chimene sindikufuna kulemba.

Pobwerera kunyumba msana wapepuka. Sunapole, koma wamasuka, ngati chingwe chonyowa. Mpini ndaugwira ndi dzanja limodzi lokha.

Wandichiza ndani? A Layitoni akuti mphini, mothandizana ndi chitseko. Ine ndikuti mkwiyo. Palinso zimene ananena mayi Nyirenda, koma zimenezo ndaziika kumapeto, poti iwo ndi mwana.

Ndafunditsa madzi ndekha. Ndagona pa matiresi. Chitseko chagona chokha.

Loweruka, 14 Juni

Ndadzuka wouma ngati chikuni, ndati basi zabwerera. Ndayenda mpaka pa mtengo woyamba wakumtunda nkubwerera, kwamasuka. Ndapitanso. Ndapita kachitatu. Ndiye kuti nkhani ndi imeneyi. Masiku anayi ndinagona kudikira chinthu chimene chimandidikira panja.

Ndikanayamba Lolemba!

Lero ntchito ndi kubisa. Zofunika Esinati asazione:

chitseko pansi,
nkhuni za maliro pakhonde,
ufa wa maliro,
zidutswa za chubu,
ine kumsana.

Chubu ndaponya m'chimbudzi. Ufa ndathira m'ndowa yanga, ufa ulibe chizindikiro. Nkhuni ndi mitolo isanu, sindingathe kuisuntha, ndipo kusonkha moto wotha mitolo isanu pakhomo pano anthu abweranso ndi nyimbo.

Chitseko. A Layitoni anapita ku Thambani kukafuna hinjesi. Abwera dzuwa litapendeka, maso ofiira, akuimba, ndi hinjesi ya windo, yaing'ono ngati chala. Akuti hinjesi ndi hinjesi. Taimika chitseko, iwo kunyamula, ine kulozera. Apa mpamene taona kuti nkhwangwa ya Lolemba inang'ambanso felemu, msomali ukungolowa ngati m'phala. Amanga ndi waya. Chaima. Tabwerera m'mbuyo kuti tichione bwino. Chawerama pang'onopang'ono, mwaulemu, nkugwa chafufumimba pakhonde. Thadzi lapulumuka mwamwayi.

Tachitsamiritsa kukhoma. Chiguduli chabwerera.

Mphini ziwiri zakumtunda zatupa, zikutuluka mafinya. Matuza aphulika, malaya akumatirira. Thalauza la kutchalitchi likutsika lokha, ndaboola bowo lina pa lamba. Pometa ndevu ndadziona pa kagalasi. Masaya alowa. Munthu ameneyu nditakumana naye panjira ndingamufunse kuti mwatuluka liti m'chipatala.

Komabe mawu a Esinati anali akuti, ndikakupezani mukuwerama. Za masaya sananene. Za chitseko sananene. Ine ndikugwira mawu akewo.

Ndayeserera. Kuima pakhonde, manja kumbuyo, chifuwa patsogolo. "Wafika, mwana wanga? Kunjira?" Kutsika sitepe osagwira nsanamira. Kumulandira chikwama, chikakhala chaching'ono. Ndachita kasanu. Kachisanu ndachita bwino kwambiri, mpaka a Layitoni awomba m'manja.

Akuti, "Mwaona mphamvu ya chitseko, alamu?"

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Ndaima pakhonde kuyambira m'mawa, jekete, lamba, manja kumbuyo.

Wafika pa njinga yamoto ya kabaza dzuwa lili pamutu. Ndatsika sitepe osagwira nsanamira. Ndanena mawu anga onse. Ndalandira chikwama. Ndinali njoo, Mulungu ndi mboni.

Iye wayang'ana ine. Wayang'ana chiguduli. Wayang'ana chitseko kukhoma, nkhuni pakhonde. Kenaka wandikumbatira, dzanja lake nkugwera pa mphini zotupa zija. Ndalumpha.

"Vulani jekete, ababa."

Ndati kukuzizira. Wangodikira, ngati amake. Ndavula. Wakweza malaya kumsana pang'onopang'ono, poti anamatirira. Ndimamva mpweya wake pakhosi panga.

Ndati msana wapola, taona ndikuyenda, ukafunse mayi Nyirenda. Akuti anakumana nawo kale panjira, amuuza zonse, ndipo akuti msana upoladi.

"Msana si umene ndikukutengerani, ababa. Munthu wozula chitseko mwezi wa Juni, kugona ndi njala, kulola kutemedwa ndi lezala la dzimbiri, zonsezi kuti mwana wake asadziwe kuti akudwala, ameneyo sindingamusiye yekha. Lachitatu ndinakulirani kale. Sindikufuna kudzamvanso kwa anthu odutsa."

Palibe pamene wanama.

Watsuka mabala ndi madzi a mchere. Akuti tinyamuka lero lomwe, mawa ku Blantyre tiyambira kuchipatala. Kwa amalume ake wapita yekha, wakakhalako nthawi ndithu, mawu sindinawamve. A Layitoni abwera chipewa chili m'manja. Akuti mitengo aisamala, ngakhale inayi ija, nkhwangwa siifika. Akuti felemu aitana kalipentala. Akutinso munthu wa ku Tete uja, akakumbukira bwino, mwina linali bondo.

Tagwirana chanza. Ndi mlamu wanga, ndipo akulira.

Esinati akuti ndi mpaka mvula yoyamba basi, ndikapeze thupi. Ndavomera ndi mutu. Ndaona akuluakulu angapo a m'mudzi muno akupita m'tauni mpaka mvula yoyamba.

Ndapempha kuti nditambasule miyendo. Ndatsika kudutsa m'mitengo mpaka pakhwawa. Kumanda munthu sangolowa, ndiye ndaima tsidya lino. Ndawauza amake Esinati kuti ndikupita ndi mwana, kuti mlandu ndi wanga, ndipo kuti mtengo wachinayi wabereka bwino. Ndakhala pamwala pang'ono. Madzi achepa chaka chino.

Katundu wanga wakwana m'chikwama chimodzi ndi jumbo. Sindimadziwa kuti ndi wochepa chonchi. Thadzi ndapereka kwa akazi awo a Layitoni. Manachesi tathyola odzaza thumba laling'ono, adzukulu anga akadye.

Galimoto ya matola imadutsa pamsewu dzuwa likapendeka. Ndakhala pa sitepe, kope pabondo. Esinati ali m'nyumba, akuyang'ana ngati tasiya kanthu. Akuitana.

Ndadzuka ndekha, kamodzi, osagwira paliponse. Palibe amene waona.